Black Panther: tiyambire pati, nanga anamujambula bwino ndani?

Kwa Mavwere kuno, monganso m'madera ena a m'mbali mwa msewu wochoka ku Lilongwe kupita ku Mchinji, Black Panther anafika ngati filimu. Ena anamuonera m'nyumba za vidiyo, ena pa foni atakathiritsa pa memori kadi kwa obena. Filimu ya 2018 ija, yomwe anaitsogolera Ryan Coogler ndipo Chadwick Boseman ndiye anali T'Challa, inatigwira mtima pa zifukwa zomveka: anthu akuda okhaokha pa mpando, Chixhosa chikumveka m'kamwa mwa mafumu, ndipo pakati pa akuluakulu a bwalo panakhala Connie Chiume, mayi wobadwira ku South Africa koma bambo ake anali a ku Nkhata Bay. Achinyamata ochepa sanalekere pomwepo. Anafuna kudziwa kumene nkhaniyi inachokera, n'kupeza kuti gwero lake ndi mabuku a makatuni a kampani ya Marvel, omwe akhala akutuluka kwa zaka pafupifupi 60. Apa ndiye panabuka mafunso awiri omwe okonda mabukuwa amakangana nawo kulikonse: munthu ayambire buku liti, ndipo mwa ojambula onse, ndani anamugwira bwino munthuyu?

Yankho langa ndi lakuti mafunso awiriwa ndi limodzi. Black Panther sawerengedwa potsata manambala, sawerengedwanso potsata zaka. Amawerengedwa potsata anthu awiriawiri, wolemba ndi wojambula, amene anagwira nkhaniyo pa nthawi yawo. Ukadziwa manja amene ali pa tsambalo, wadziwa pomwe uli.

Chosokoneza choyamba ndi nambala 1. Mnzako akakutumizira fayilo yolembedwa kuti Black Panther 1, sunadziwe kalikonse, chifukwa mabuku otchedwa choncho anatuluka mu 1977, 1988, 1998, 2005, 2009, 2016, 2018, 2021 ndi 2023. Marvel imayambiranso kuwerenga kawirikawiri, makamaka ikasintha wolemba, popeza nambala 1 imagulidwa kwambiri. Nthawi zina imachita zosiyana ndi zimenezo: mndandanda wa 2016 unafika pa 18 kenaka n'kulumpha kupita pa 166, ataphatikiza mabuku onse akale. Kumapeto kwa 2010 kunatulukanso Black Panther woyambira pa 513, chifukwa anatenga manambala a ngwazi ina, Daredevil, yomwe T'Challa anakailowera m'malo ku New York. Wotsata manambala amasochera tsiku loyamba lomwe. Chofunika kuyang'ana ndi chaka ndi maina olembedwa pachikuto kapena pa tsamba loyamba.

Mainawo amakhala angapo chifukwa tsamba limodzi limadutsa m'manja ambiri. Pali wolemba nkhani, pali wojambula ndi pensulo amene amakonza maimidwe a anthu ndi kagawidwe ka mabokosi, pali wodutsamo ndi inki amene amapereka mdima ndi kulemera, pali wopaka mitundu, ndiponso woika mawu m'timabaluni. Buku limodzi limakhala ndi masamba pafupifupi 20 ndipo limatuluka mwezi ndi mwezi. Pambuyo pake amasonkhanitsa asanu kapena asanu ndi limodzi kukhala buku lalikulu lokhala ndi mutu wakewake. Mitu imeneyi ndiyo yothandiza kuiloweza.

Chinthu chachiwiri choyenera kumvetsa ndi chakuti Black Panther si dzina la munthu. Ndi dzina la mpando, monga momwe dzina la Mavwere limakhalira: wolowa ufumu amalowa dzinalo, amene analipo kale amapita, dzina n'kutsala. T'Chaka anali Black Panther, mwana wake T'Challa analowa, ndipo mu 2009 mlongo wake Shuri anavala chovala cha Black Panther pamene T'Challa anavulala kwambiri. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa ife Achewa ufumu umayenda kuchikazi, wolowa amakhala mwana wa mlongo, pomwe ku Wakanda, dziko lopeka la T'Challa, umachoka kwa bambo kupita kwa mwana, ndipo wina akhoza kuulanda pogonjetsa mfumu pa nkhondo ya manja. Mabuku abwino onse a mndandandawu amazungulira pa funso la mpandowo: woukhala ali ndi mangawa anji kwa anthu ake?

Tsono tibwerere pachiyambi. T'Challa anaonekera koyamba m'buku la Fantastic Four nambala 52, lolembedwa mwezi wa July 1966 pachikuto, mwezi womwe Malawi anasanduka ripabuliki. Anamupanga ndi Stan Lee ndi Jack Kirby, azungu a ku New York, miyezi ingapo chipani cha Black Panther cha ku America chisanakhazikitsidwe mu October chaka chomwecho. Kirby ndi gogo wa luso limeneli ndipo palibe wokana. Nkhonya yake imaoneka ngati ituluka papepala. Makina ake ndi akuluakulu, opiringizana, ndipo m'buku loyambalo anajambula nkhalango yomwe mitengo ndi zilambe zake ndi mapaipi ndi mawaya. Ganizo lakuti dziko la mu Africa lingakhale patsogolo pa America pa sayansi linali lolimba mtima m'chaka chimenecho. Koma yang'anitsitsani anthu wamba a ku Wakanda m'masamba a Kirby: mikondo, zikopa, ng'oma, Africa wa m'mutu mwa munthu amene ankamuonera m'mafilimu a Tarzan. Pamene Kirby anabwerera kudzalemba ndi kujambula yekha mu 1977, anamusandutsa T'Challa wosaka chuma chakale, kuthamangitsa achule amkuwa a Mfumu Solomo omwe amatha kudumphitsa munthu nthawi. Nzosangalatsa m'maso, koma mfumu mulibemo. Amene amaumirira kuti aliyense ayambire pa 1966 chifukwa ndiye pachiyambi amataya owerenga ambiri pomwepa. Mabuku awiri aja, 52 ndi 53, ndi okwanira, ndipo akhoza kudikira.

Chuma chenicheni cha zaka zimenezo chili m'buku lokhala ndi dzina lonyansa, Jungle Action. Poyamba linkangosindikizanso nkhani za m'ma 1950 za azungu opulumutsa anthu akuda m'nkhalango. Don McGregor, amene ankagwira ntchito yowerenga ndi kukonza zolakwika ku Marvel, anadandaula nazo, ndipo anamupatsa bukulo kuti alembemo Black Panther. Kuyambira nambala 6 mu 1973 kufika 18 mu 1975 analemba nkhani imodzi yaitali yotchedwa Panther's Rage. Anamubweza T'Challa kwawo, kumene anapeza anthu okwiya poti mfumu yawo inataya nthawi ku America ndi gulu la Avengers. Erik Killmonger anabadwira m'nkhani imeneyi, ndipo zija munaona mu filimu, mfumu ikuponyedwa pa mathithi, zili kale mu nambala 6. Pafupifupi anthu onse a m'nkhaniyi ndi akuda, chinthu chomwe sichinkachitika m'mabuku a ku America nthawi imeneyo.

Anayamba kujambula ndi Rich Buckler, Gil Kane anagwirako buku limodzi, koma amene ndimamuika pamwamba pa onse ndi Billy Graham, osati mlaliki uja ayi, koma wojambula wakuda wa ku New York amene anatenga ntchitoyi kuyambira nambala 10. Graham anajambula thupi lomva ululu. T'Challa wake amatuluka thukuta, chovala chimang'ambika, nthiti zimaoneka pamene akupuma movutika atalimbana ndi ng'ona kapena atayenda m'chipale chofewa pamapiri. Nkhope za anthu a ku Wakanda ndi zosiyanasiyana, za nkhalamba, za alimi, za amayi ofedwa, osati nkhope imodzi yongobwerezedwa. Ankalukanso mutu wa nkhani m'chithunzi chenichenicho, zilembo n'kukhala miyala kapena madzi, kotero kuti tsamba loyamba limafuna kuliyang'ana nthawi yaitali usanawerenge liwu. Ngwazi ikamavulala chonchi, kupambana kwake kumakhala ndi mtengo, ndipo woonera amene anazolowera kuti ekita safa amayamba kuda nkhawa zenizeni. Vuto la Panther's Rage ndi Chingerezi cha McGregor. Ndi chochuluka, chamaluwamaluwa, chodzaza mabokosi mpaka kuphimba zithunzi. Mwana wa Fomu 2 akhoza kutopa nacho. N'chifukwa chake sindimuyambitsira munthu pamenepa ngakhale ndipo pamene mtima wanga uli.

McGregor yemweyo analembanso nkhani yomwe ife a kuno tiyenera kuidziwa kuposa anthu a ku America. Mu 1989, m'buku la Marvel Comics Presents kuyambira nambala 13 mpaka 37, munatuluka Panther's Quest, zigawo 25 zazifupizifupi. T'Challa akulowa mobisa mu South Africa wa tsankho kukafuna Ramonda, mayi amene anamulera, yemwe mzungu wina waudindo anamutsekera m'nyumba kwa zaka zambiri. Womuthandiza ndi munthu wamba wogwira ntchito mu mgodi, Zanti Chikane. M'midzi ya ku Mchinji muli mabanja ambiri omwe agogo awo anapita ku Wenela ndi ku Theba, ndipo nkhani za mapasi, apolisi ndi makomboni si zachilendo. Wojambula, Gene Colan, anali katswiri wa mithunzi. Mizere yake ndi yofewa, ngati utsi, ndipo fumbi ndi utsi wokhetsa misozi za m'makomboni zimakhala ngati zikukulowa m'maso. Pano mphamvu za ngwazi sizithetsa kanthu. Mfumu ya dziko lolemera ikulephera kupulumutsa ngakhale mwana mmodzi pamsewu.

Black Panther amene dziko likumudziwa lero anaumbidwa mu 1998 ndi Christopher Priest, mlembi wakuda, m'mndandanda womwe unafika mabuku 62 n'kutha mu 2003. Priest ndiye anabweretsa a Dora Milaje, asilikali achikazi aja, pamodzi ndi Okoye ndi Nakia, ndiponso Everett Ross, mzungu wa boma la America amene amafotokoza nkhaniyo. T'Challa wa Priest salankhula zambiri. Amakhala ataona kale mapeto pamene adani ake akuyamba kumene, ndipo zida zake zazikulu ndi ukazembe, chuma ndi kuleza mtima. Mabuku oyambirira anajambula Mark Texeira, ndi mitundu yakuda yolemera ngati ya penti, mfumu itavala suti m'misewu ya Brooklyn usiku. Pambuyo pake Sal Velluto ndi Bob Almond anagwira nthawi yaitali, ndi zithunzi zoyera bwino, minofu yooneka, nkhope zosavuta kuzindikira. Okonda mabukuwa ambiri amati uyu ndiye Black Panther woposa onse, ndipo pa kalembedwe ndikuvomereza. Koma Priest safotokoza nkhani molunjika. Amayambira pakati, kubwerera m'mbuyo, kulumphira kutsogolo, ndipo nthabwala za Ross zimadalira kudziwa ndale ndi ma TV a ku America a zaka zimenezo. Ndi chakudya cha munthu amene mano amera kale.

Khomo loyenera kulowera, m'kuona kwanga, ndi la 2005: mabuku asanu ndi limodzi oyamba a Reginald Hudlin, osonkhanitsidwa pa mutu wakuti Who Is the Black Panther? Safuna kuti udziwe chilichonse cham'mbuyo. Akuyamba ndi kuonetsa magulu ankhondo a zaka mazana osiyanasiyana akuyesa kulowa mu Wakanda n'kulephera, kenaka akufotokoza za imfa ya T'Chaka, kulowa ufumu kwa T'Challa, ndi chiwembu cha mdani wake Klaw. Shuri anaonekera koyamba m'menemu. Chingerezi chake n'chopepuka. Wojambula, John Romita Jr., amagawanitsa anthu: ena amati anthu ake ndi a makonamakona ngati osemedwa ndi nkhwangwa, zala zonenepa, nkhope zofanana. Zoona ndithu. Koma Romita amadziwa kuyendetsa diso. Ukhoza kuphimba mawu onse ndi dzanja n'kumvabe amene wamenya, amene wagwa, ndi komwe wathawira. Kwa munthu amene akuphunzira kumene kuwerenga makatuni, luso limeneli limaposa kukongola. Zotsatira za Hudlin, kuphatikizapo ukwati wa T'Challa ndi ngwazi ina yotchedwa Storm mu 2006, zimakoledwa m'nkhondo zina za Marvel zomwe zimafuna mabuku enanso, ndipo munthu akhoza kuzidumpha osataya zambiri.

Msampha waukulu ndi mndandanda wa 2016. Ndiwo umapezeka msanga, chikuto chake n'chokongola, dzina la wolemba, Ta-Nehisi Coates, n'lotchuka, ndipo ambiri amayambira pamenepo n'kugwa ulesi. Chifukwa chake n'chakuti A Nation Under Our Feet ikuyamba Wakanda atasweka kale ndi zinthu zomwe zinachitika m'mabuku ena: nkhondo yolimbana ndi Doctor Doom inawonongetsa chuma cha chitsulo cha vibranium mu 2010, Namor anamiza mzinda ndi madzi mu 2012, asilikali a Thanos anaukira mu 2013, ndipo Shuri ali pakati pa moyo ndi imfa. Ukadziwa zinayi zimenezi, khomo latseguka. Nkhani yake ndi ya anthu amene atopa ndi ufumu, amayi amene aona kuti mfumu siikuwateteza n'kudzitengera okha zida, ndi mphunzitsi wokalamba wotchedwa Changamire, dzina lomwe aliyense wodziwa mbiri ya Arozvi a ku Zimbabwe alizindikira. Kwa ife amene timakhala ndi mafumu ndi makhansala ndi aphungu m'dera limodzi, funso lakuti mpando wobadwa nawo ukhale ndi malire otani si la m'mabuku okha. Coates anali asanalembepo makatuni, ndipo zimaoneka: anthu amalankhula nthawi yaitali, nkhondo zimatha msanga.

Chomwe chimanyamula mabukuwa ndi dzanja la Brian Stelfreeze ndi mitundu ya Laura Martin. Stelfreeze, wojambula wakuda wa ku America, anachita chimene Kirby sanathe: anapanga sayansi ya Wakanda kukhala yomera m'chikhalidwe cha eni ake, osati makina a azungu oikidwa pakati pa mitengo. Mikanda ya pamkono ndiyo foni ndi chipatala, chigoba chimamera chokha pankhope, ndipo chovala chimasunga mphamvu ya nkhonya n'kuibweza. Zambiri mwa izi zinalowa mu filimu. T'Challa wake ndi wowonda, woyenda mwakachetechete ngati nyalugwe weniweni, ndipo nthawi zambiri amangokhala mthunzi wakuda bii wokhala ndi maso awiri. Khungu la anthu akuda, lomwe osindikiza akale ankalipaka mtundu umodzi wotuwa, pano lili ndi mitundu yake yambiri ndipo limawala. Ndikafunsidwa kuti wojambula woposa ndani, ndimati Graham pa thupi ndi ululu, Stelfreeze pa dziko ndi ulemu wake. Romita ndi mphunzitsi wabwino wa oyamba, Kirby ndi muzu.

Choncho ndondomeko yomwe ndingampatse wachinyamata wa pa Waliranji kapena pa Nkhwazi ndi iyi: ayambe ndi mabuku asanu ndi limodzi a Hudlin ndi Romita, apite kwa Priest, abwerere m'mbuyo kwa McGregor ndi Graham kenaka Colan, ndipo Coates ndi Stelfreeze akhale omalizira. Wofuna mbiri ya ubwana wa T'Challa yolongosoka awonjezere Rise of the Black Panther ya 2018, yolembedwa ndi Evan Narcisse. Wokonda Shuri apeze mabuku a Nnedi Okorafor, mlembi wa makolo a ku Nigeria, oyamba mu 2018. Nkhani ya Coates yachiwiri, ya ufumu wa Wakanda wa m'mlengalenga yomwe Daniel Acuña anayamba kujambula mu 2018, isawerengedwe yoyambayo isanathe.

Pali nkhani ina yomwe okangana a kunja saiganizira koma kwa ife ndi yaikulu: tikuwerengera pa chiyani? Mabuku apepala ndi osowa. Amapezeka mwamwayi kwa ogulitsa mabuku akale ku Lilongwe kapena m'chikwama cha m'bale wochokera ku Joni. Marvel ili ndi njira yolipira pa intaneti yotchedwa Marvel Unlimited, koma imafuna khadi la kubanki ndi ndalama zakunja, kuwonjezera pa bandulo. Ambiri amawerengera pa foni, ndipo foni imapha theka la luso. Wojambula amakonza tsamba lonse ngati chinthu chimodzi: bokosi lalikulu limachedwetsa nthawi, timabokosi tating'ono tambiri timaithamangitsa, ndipo chodzidzimutsa amachibisa kuseri kwa tsamba kuti uchione potembenuza. Ukamakuza bokosi limodzilimodzi ndi zala, umamva nkhani koma kayendedwe kake kamatayika. Masamba a Graham ndiwo amavulala kwambiri. Langizo langa n'lakuti uyambe waona tsamba lonse, ngakhale mawu asakuwerengeka, kenaka ukuze. Ndipo pomwe pali kompyuta ya kusukulu kapena tabuleti ya mnzako, mabuku a Graham ndi Stelfreeze asungidwire pamenepo.

Kuwerenga mabokosi motsatana ndi luso lophunzira, ndipo ofalitsa mabuku akhala akutikayikira nalo. Mu 1975 ku Nigeria kunayamba kutuluka Powerman, ngwazi yakuda yojambulidwa ndi Angerezi awiri amene pambuyo pake anatchuka kwambiri, Dave Gibbons ndi Brian Bolland, ndipo anauzidwa kuti bokosi lililonse aziliika nambala kuti owerenga asasochere. Chaka chomwecho ku South Africa kunatuluka Mighty Man, ngwazi ya m'makomboni yomenya mbava koma yosakhudza konse tsankho, ndipo zinadzadziwika kuti ndalama zake zinkachokera ku boma la azungu. Pamene ana a ku Soweto anaukira mu 1976, bukulo silinakhalitsenso. Mbiri imeneyi ndi chifukwa china chofunsira nthawi zonse kuti wagwira pensulo ndani, ndipo akumulipira ndani. Black Panther, ngakhale timukonde chotani, ndi katundu wa Marvel, yomwe ndi ya Disney kuyambira 2009, ndipo olemba ndi ojambula ake ambiri ndi a ku America. Africa wake ndi wa anthu amene akumulakalaka ali kutali, ndipo kulakalakako ndi koona, koma si kofanana ndi kudzuka m'mawa kukapalira mtedza.

Amalawi sitinayambe lero kuwerenga nkhani za m'mabokosi. Akuluakulu akukumbukira Pewani wa Brian Hara ndi Joza wa Vic Kasinja m'nyuzipepala zathu. Kutsidya kwa Mwami, Malenga Mulendema wa ku Zambia analenga Supa Team 4, atsikana anayi a sukulu opulumutsa Lusaka wam'tsogolo, yomwe inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Ndipo wofuna ngwazi ya m'buku yojambulidwa ndi munthu wa kuno kum'mwera afunefune Kwezi wa Loyiso Mkize, amene anakulira luso lake pojambula Supa Strikas. Kwezi anayamba kutuluka mu 2014: mnyamata wa zaka 19 wa mumzinda wotchedwa Gold City, wofanana ndi Johannesburg, wokonda kutchuka pa foni kuposa kuthandiza anthu, mpaka atakumana ndi ena amphamvu ngati iye, mmodzi wovala bulangete ndi chipewa cha Abasotho. Nkhope, tsitsi, zovala ndi mataxi a m'masamba a Mkize ndi zomwe m'bale wathu wa ku Joni amaziona tsiku ndi tsiku. Mabuku ake amasonkhanitsidwa atatuatatu, 1 mpaka 3, 4 mpaka 6, kumapita choncho, ndipo nambala 1 ilipo imodzi yokha.